Za Kukongola kwa Anamwali a ku Kacholola, Kale ndi Lero

Munthu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akayenda makilomita oposa 200, afika pa ulalo wa Luangwa, pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Akaoloka, mseu uyamba kukwera ndi kukhota-khota m'mapiri, ndipo asanafike ku Nyimba kwa nthoci apeza mudzi wa m'mbali mwa mseu wochedwa Kacholola. Kuno ndi kwa Ansenga. Kale, mseu ukali wa fumbi, apaulendo a pakati pa Lusaka ndi Fort Jameson, ndiyo Chipata ya lero, anali kugona pamenepa m'nyumba ya alendo, nadzapitirira ulendo m'mawa mwace.

Galimoto likaima m'misika ya m'mbali mwa mseu umenewu, asungwana amathamangira ku mazenera ndi malicero a nthoci, nshawa ndi cimanga coocha. Wopenyetsetsa sadzalephera kuona pakati pao wina amene nkhope yace iri yofiirira koposa manja ndi mapazi ace, ndipo akapenya amai acikulire adzaona ena okhala ndi mawanga akuda bii m'masaya, monga munthu wopsa ndi moto. Obadwa dzulo ayesa kuti ici ndi cinthu cacilendo cimene makolo sanacidziwe. Koma mbiri itiuza kuti kufuna kukongola kunayamba kale kulemba zipsera pa matupi a akazi a dziko lino. Cimene casinthika ndico muyeso wace, ndiponso mwini wa muyesowo. M'zaka zosakwana 200 muyeso umenewu wasinthika kangapo, ndipo kusinthika kwace kunadza ndi anthu oyenda m'njira. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umayamika mlendo, komatu kalumo kometa bwino ndi komweko kaceka. Tiyeni titsate kalumo kameneka, tione pamene kanameta ndi pamene kanaceka.

Masiku a pelele ndi mphini

Apaulendo oyamba kulemba za maiko a kuno anadabwa ndi milomo ya akazi. Gamitto, Mpwitikizi amene anacoka ku Tete m'caka ca 1831 kunka kwa Kazembe, anapita pakati pa Amaravi ndi Acewa, nalemba za akazi oboola mlomo wa m'mwamba. David Livingstone, potsika ndi mtsinje wa Zambezi kuloza ku mathiriro a Luangwa, kumene anafika m'January 1856, anapeza mwambo womwewo. Ndipo Sekwebu, mtsogoleri wa amuna amene anali naye, anaseka nayerekeza milomo ya akaziwo ndi milomo ya abakha. M'caka ca 1859 Livingstone anauonanso mwambowu kwa Amang'anja a ku Shire, nalongosola macitidwe ace. Cokometsera cimeneci dzina lace cinali pelele.

Mtsikana akali wamng'ono anamboola pakati pa mlomo wa m'mwamba, pafupi ndi mphuno, naikamo kamtengo kuti bala lisatsekeke. Litapola anacotsa kamtengoko naikamo kokulirapo, ndipo anacita cotero miyezi ndi zaka, kufikira ciboo citakula kuti mulowe mphete ya masentimita 5 m'mimba mwace. Osauka anabvala pelele wa nsungwi, olemera wa mnyanga wa njobvu kapena wa citsulo coyera. Mlomo unaturukira kutsogolo kupitirira nsonga ya mphuno, ndipo mano a kutsogolo anali kukankhidwira m'kati pang'ono-pang'ono.

Masiku ano ena amanena kuti makolo anacita ici kuti ana ao akazi aipe pamaso pa ogula akapolo. Eni ace a mwambowo sanatero ai. Pamene Livingstone ndi anzace anafunsa mfumu yokalamba ya Amang'anja, Chinsunse, cifukwa ca pelele, iyo inazizwa ndi funso lopusa lotere, niyankha kuti ndi kukongola basi. Amuna ali ndi ndebvu, ndipo mkazi wopanda ndebvu wopandanso pelele sakadaoneka ngati mkazi konse. Tisaseke msanga. Mfumuyo inali yotsimikiza mtima pa muyeso wace monga momwe ife tiri otsimikiza pa wathu. Ndipo cinthu coipitsira munthu sakadacisema ndi mnyanga wa mtengo wapatali.

Pamodzi ndi pelele panali mphini. Mai wodziwa nchitoyi anatema timizere ndi lumo pa cipumi, m'masaya, pa cifuwa, pa mimba ndi pa msana, nathirapo makala osinja kuti zipsera zidzaoneke zakuda ndi zotukuka. Mphini zina zinali cizindikiro ca mtundu, kotero kuti munthu anadziwika kwao asanatsegule pakamwa. Zina zinali zobisika, zodziwa mwamuna wace yekha, monganso mikanda ya m'ciuno. Khungu analidzoza mafuta a nsatsi kuti linyezimire. Taonani kuti pa zonsezi panalibe kanthu kofuna kucotsa kuda kwa khungu. Khungu lakuda lonyezimira ndilo linali munda umene kukongola konse anakubzalamo.

Sukulu ya zimenezi inali cinamwali, cimene Ansenga amacicha cisungu kapena ndola. Raymond Apthorpe ndi John Blacking anaona mwambowu m'boma la Petauke m'caka ca 1961, nalemba za nyimbo ndi magule ace. Namwali atatha msinkhu anabindikira m'nyumba, anamkungwi ndi aphungu namlangiza za ukhondo, za ulemu ndi za banja. Tsiku loturuka anammeta, namsambitsa, namdzoza, nambveka mikanda, ndipo mudzi wonse unasonkhana kumpenya akubvina ndi kumfupa mphatso. Pano pali cinthu coyenera kucisunga mumtima. Tsiku limeneli linali la namwali ali yense, wamtali ndi wamfupi, wa mphuno yaikuru ndi wa yaing'ono, mwana wa mfumu ndi mwana wa wosauka. Muyesowo unali m'manja mwa ambuye ace ndi azakhali ace, ndipo zipangizo zace zinali za m'mudzi momwemo: lumo, makala ndi nsatsi za pa dzala. Msungwana wopirira ululu anafikapo ndithu, ndipo atafika panalibenso womuuza kuti waperewera.

Tisayese kuti masiku aja anali okoma pa zonse. Lumo linali lowawa, mabala ena anatukusira, ndipo mtsikana sanafunsidwe ngati afuna. Wothawa lumo anamseka anzace ku madzi kuti ali ndi khungu losalala ngati mlamba kapena mwana wakhanda. Ndiponso cinamwali cinali khomo la ukwati, kotero kuti ambiri anakwatiwa matupi ao asanakhwime. Muyeso wa makolo unali ndi nkhanza zace. Ubwino wace unali wakuti unali ndi polekezera.

Mikanda ya Acikunda ndi makutu a Angoni

Njira yoyamba yodzera zacilendo inali ya madzi. Kuciyambi kwa zaka za 1700 Apwitikizi anamanga msika pa Zumbo, pamene Luangwa athira m'Zambezi, ndipo tsidya lino panali Feira, pamene lero tipacha Luangwa. Kucokera kumeneko Acikunda anakwera ndi cigwa ca Luangwa kufuna minyanga ndi akapolo, atasenza nsaru, mikanda ndi waya wa mkuwa. Ansenga anali alimi a thonje ndi oomba nsaru zao zolimba, anasulanso makasu. Koma mikanda ya galasi ya mitundu-mitundu sanathe kuipanga. Apa ndipo kukongola kunayamba kukhala ndi mtengo wolipira kwa mlendo. Mkazi wa mkuru wa asodzi a njobvu anabvala mikanda yambiri m'khosi ndi makoza m'manja, mnzace wa pakhomo losauka nayamba kudzipenya ndi maso ena. Coipa coposa, m'zaka za nkhondo za Kanyemba ndi Matakenya, eni magulu a Acikunda, munthu yemwe anasanduka cogulira nsaru, ndipo asungwana ndiwo anafunidwa kwambiri.

Njira yaciwiri inali ya nkhondo. M'November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene dzuwa linada usana, nakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga asanapitirire kumpoto. Pambuyo pace Mpezeni anabwereranso, nagwira anthu ambiri, nakhazikika m'dera limene lero muli Chipata. Cizindikiro ca Angoni cinali kuboola makutu, ndipo ogwidwa anawaboola makutu kuti akhale Angoni. M'kupita kwa nthawi, ngakhale amene sanagwidwe anayamba kuboola makutu okha, pakuti ca wopambana nkhondo cimaoneka cokongola. Komatu akazi a Cinsenga nao anapambana nkhondo yao ya phee. Ana a Angoni anayamwa Cinsenga pa bere la amai ao, kotero kuti kufikira lero Angoni a kwa Mpezeni amalankhula cinenero cocokera ku Cinsenga.

Msonkho, machona ndi amishoni

M'caka ca 1898 asilikari a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, dziko nilowa m'manja mwa British South Africa Company. Posacedwa anaika msonkho wa masheleni 3 pa nyumba, ndipo popeza m'midzi munalibe ndalama, anyamata a Cinsenga anatsika ku Feira, naoloka Zambezi kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Ena anachona, koma obwera anadza ndi mabokosi a nsaru, sopo, mipango, tiakalirole ndi maso atsopano. Anali ataona akazi a m'makomboni a ku Salisbury obvala madiresi, opanda ciboo pa mlomo, ndipo anali atamva mitundu ina iri kuseka akazi a kwao.

Nthawi yomweyo amishoni anafika. A mpingo wa Dutch Reformed anamanga pa Nyanje m'1905 ndi pa Hofmeyr, m'dera la Nyimba, m'1914. Akatolika anamanga pa Minga m'zaka za 1920. Iwo anatsutsa zambiri za m'cinamwali, ndipo a Dutch anaika cilangizo ca mumpingo m'malo mwace. Mtsikana wa pa mishoni anaphunzira kusoka, kucapa ndi kubvala cofunda cifuwa. Thupi limene kale analikometsa kuti lioneke, tsopano anati liphimbike.

Cotero m'mbadwo umodzi kapena iwiri pelele anatsala pa milomo ya nkhalamba zokha. Tiyerekeze mumtima mkazi amene anabooledwa ali kamtsikana, Azungu asanadze. Anapirira ululu zaka zambiri, ndipo pa unamwali wace anyamata anamyang'ana nasirira. Pofika pa ukalamba, adzukulu ace obwera ku sukulu ali kumseka. Akacotsa pelele ciboo sicitsekeka, mlomo ungolendewera, mano naonekera. Akambvalabe akhala cinthu coonetsa alendo. Mai ameneyu sanalakwe kanthu, anangomvera muyeso wa masiku ace. Muyesowo unafa iye akali moyo, koma cipsera cace anapita naco kumanda. Mphini za pa nkhope zinatsata njira yomweyo, cinkana zinacedwa kutha, ndipo kufikira lero alipo agogo ena m'midzi amene akali nazo.

Mseu ndi mafuta oyeretsa

Njira yacitatu ndiyo mseu umene upita pa Kacholola. Ulalo woyamba wa Luangwa unamangidwa m'zaka za 1930, Lusaka inakhala likuru la dziko m'1935, ndipo ulalo umene ulipo lero unatha m'1968. Mseu unatenga anthu kunka ku Lusaka ndi ku migodi ya mkuwa, nubweza malonda, mawailesi ndi manyuzipepa a zithunzi.

Kuti timvetse cimene cinadza ndi mseu, tikumbuke makhalidwe a m'matauni a masiku aja. M'masitoro ambiri munthu wakuda sanaloledwe kulowa pa khomo, anagulira pa kazenera ka kumbali. Nchito yabwino, nyumba yabwino ndi sukulu yabwino zinapita motsata khungu: Mzungu patsogolo, Mmwenye ndi wa makaladi pakati, wakuda pambuyo. Mwana wokula m'dziko lotere sanasowe womuuza kuti kuyera kuli ndi phindu, anadzionera yekha. Amalonda a ku South Africa ndi ku America anaona msika pamenepa. Magazini monga Drum, amene anayamba m'1951, anadzala ndi zithunzi za asungwana oyera khungu, ali kumwetulira pambali pa mabotolo a mafuta oyeretsa, ndipo m'zaka za 1960 ndi 1970 dzina la Ambi linadziwika m'Zambia monse. Ncodabwitsa kuti mafutawa anafala koposa dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, pamene asungwana ambiri anayamba kulowa nchito za m'maofesi ndi kulandira malipiro ao-ao. Anthu anapeka mau onyoza akuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola, cifukwa ndalama zinakwanira kudzola nkhope yokha.

Atsogoleri ndi ankhoswe a miyambo anakwiya, koma mkwiyo wao unagwera asungwana, osati ogulitsa. Ilsa Schuster, m'buku lace la 1979 lonena za akazi ophunzira a m'Lusaka, anasimba momwe akaziwa anatsutsidwira cifukwa ca madiresi aafupi, mawigi ndi mafuta oyeretsa. Ku Malawi boma linacita kuika lamulo m'1973 loletsa akazi kubvala madiresi aafupi ndi mabuluku, ndipo linakhalapo kufikira 1993. Msungwana anapanikizika pakati: mnyamata ndi wolemba nchito afuna woyera wa cimakono, akuru a cipani ndi a mpingo namucha wotayika.

Coonadi ca mafutawa cinaululika m'cipatala. Khungu la munthu liri ndi utoto wocedwa kutha umene asing'anga amaucha melanin, ndipo nchito yace ndiyo kucinjiriza thupi ku ukali wa dzuwa. Mankhwala ochedwa hydroquinone amaletsa khungu kupanga utotowu, ndipo miyezi yoyamba nkhope imayeradi. Koma m'1975 G. H. Findlay ndi anzace ku Pretoria analemba za akazi amene anadzola mankhwalawa zaka zingapo: m'masaya ndi pa cipumi, pamene dzuwa liomba kwambiri, munaturuka mawanga akuda okhakhala, obvuta kucotsa ngakhale munthu ataleka kudzola. Nthendayi amaicha ochronosis. Mafuta ena ali ndi mercury, amene amalowa m'mwazi naononga impso ndi mitsempha, nafikanso kwa mwana ali m'mimba. Ena ali ndi mankhwala amphamvu a steroid, oyenera kulembedwa ndi dokotala pa nthenda za khungu, amene akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, mabala nacedwa kupola. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola m'1990, ndipo pangano la Minamata la 2013, limene Zambia inalowamo, liletsa zodzola za mercury. Koma malamulo sanatseke njira zonse, ndipo timabotolo timeneti tikali kupezeka m'misika. Safunsa anadya phula. Koma kodi msungwana wa ku mudzi akafunse kwa yani, pamene cikalata ca pa botolo calembedwa m'cinenero cacilendo, ndipo wogulitsa ndiye mlangizi wace?

Tsono onani kufanana kwace. Mai wa mawanga m'masaya ndiye mdzukulu weni-weni wa gogo wa ciboo pa mlomo. Onse awiri anamvera muyeso, onse awiri anatsala ndi cipsera cosafafanizika. Kusiyana kwace ndi uku: wa pelele anafika pamene anafuna, nakondwera nako zaka za unamwali wace, wa mafuta safika, pakuti akaleka kudzola khungu libwerera, ndipo wogulitsa amadya pa kusafika kwaceko.

Kunenepa ndi kuonda

Si khungu lokha limene layesedwa. Kwa makolo kunenepa kunali ulemu. Mkazi wa thupi anaonetsa kuti nkhokwe ya pakhomo iri yodzala ndi kuti mwamuna wace amsunga bwino, ndipo kufikira lero mau akuti mwanenepa ndi moni wokondweretsa kwa wobwera ku ulendo. M'dziko la cilala monga cigwa ca Luangwa, kumene njala siisowa, maganizo awa anali ndi maziko ace.

M'zaka za 1980 kunadza nthenda ya Edzi, imene anthu anaicha kaliwonde-wonde. M'1987 President Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wace anafa nayo. Midzi ya m'mbali mwa miseu yaikuru, mogona oyendetsa malole, inalira maliro ambiri. M'zaka zimenezo kuonda kunasanduka mlandu. Msungwana wobadwa ndi thupi laling'ono, wopanda nthenda iri yonse, analozedwa zala, ndipo ena anayamba kumwa mankhwala onenepetsa kuti atseke pakamwa pa anthu. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa kwaulere ca m'ma 2005, odwala ananenepa, ndipo kunaoneka poyera kuti thupi silinena za m'mwazi. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere; ndipo mkuyu wina wosaoneka bwino uli wabwino m'kati.

Pa nthawi yomweyo makanema ndi mipikisano ya kukongola zinali kuphunzitsa kuti wokongola ndiye woonda. Zobvala za salaula, zimene zinafala kuyambira kumapeto kwa zaka za 1980, zinasokedwera matupi a ku maiko ena, ndipo msungwana amene sizinamkwane anayesa kuti colakwa ciri pa thupi lace. Cotero mwana mmodzi anamva miyeso iwiri tsiku limodzi: ambuye ace ati waonda, anzace a ku sukulu ati wanenepa.

Njira ya m'manja

Njira yacinai siidzera pa ulalo. Lamya ya m'manja yafika m'midzi ya Nyimba ndi Petauke, ndipo pa Facebook ndi TikTok msungwana aona nkhope mazana tsiku limodzi, pamene gogo wace anadziyerekeza ndi anzace khumi a pa citsime. Zambiri mwa nkhopezo si zoona: makina a m'lamya amayeretsa khungu, nacepetsa mphuno ndi ciuno, kotero kuti ngakhale mwini cithunzi safanana naco. Muyeso wa lero ufuna khungu loyera, mimba yaing'ono ndi matako akuru pa thupi limodzi, ndipo pa ciwalo ciri conse pali botolo logulitsa.

Koma njira yomweyo yadzanso ndi zina. M'July 2021, pa masewera a Olympic ku Japan, Barbra Banda, mtsogoleri wa timu ya mpira ya akazi a Zambia, anamwetsa zigoli 3 pa masewera amodzi, nabwerezanso 3 pa otsatira. M'2024, atasankhidwa ndi omvera a BBC kukhala wopambana wa caka mwa akazi osewera mpira, anthu ena a kunja anamnyoza cifukwa ca maonekedwe ace. Iye sanaleke kusewera. Asungwana a kuno anaona mkazi wakuda, wa tsitsi lalifupi, amene dziko lonse limdziwa cifukwa ca cimene thupi lace licita.

Cimene mbiri itiphunzitsa

Kukometsa thupi sikulakwa. Makolo anakometsa, ife tikometsa, ndipo adzukulu athu adzakometsa mwa njira zimene ife tikadaziseka. Kuluka tsitsi, kubvala citenje cokoma ndi kudzola mafuta osalaza khungu ziri ngati kuzira nyumba. Mawa ukafuna usintha. Coopsa ndi cokometsera cosabwezeka. Mbiri ya dziko lino yationetsa kuti muyeso umakhala zaka 30 kapena 40, koma thupi limakhala zaka 70 kapena 80. Cifukwa cace namwali asanaike kanthu pa khungu lace, kapena kumeza kanthu kosintha thupi lace, adzifunse mafunso awa: muyeso uwu anauika ndani, apindula nao ndani, ndipo ukadzatha ndidzatsala ndi ciani?

Mbiri itionetsanso cifukwa cace asungwana anabvomera lumo ndi botolo. Pamene cuma ca mkazi cinali ukwati wokha, nkhope inali munda wace, ndipo munthu sakana kulima munda umene adyapo. Lero makomo ena atseguka. Kuyambira 1997 mtsikana wotenga mimba aloledwa kubwerera ku sukulu atabala. M'2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira ku sekondale. Ndipo lamulo la December 2023 linaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Msungwana wodziwa kuwerenga, kuwerengera ndalama za nthoci zace, ndi kuima pa bwalo kunena mau ace, ali ndi pena poimira, ndipo mau a mnyamata wa pa sitoro samgwetsa msanga.

Inu amai, azakhali ndi anamkungwi a ku Kacholola, muyeso unali m'manja mwanu kale, ndipo simunautaye wonse. Lumo lisabwerenso, ndipo cinamwali cisakhalenso khomo la ukwati wa ana. Koma cija cabwino ca tsiku loturuka namwali, pamene mudzi wonse unauza mwana ali yense kuti wakwana monga ali, cimeneco musaciiwale, pakuti lamya siidzamuuza. Mulekenso kuyamika khanda cifukwa labadwa loyera, ndi kucha mwana maina onyoza kuda kwace, popeza ana amamva, ndipo botolo loyamba limagulidwa ndi mau a pakhomo. Ngati mwana wayamba kale kudzola, musamseke monga adzukulu aja anaseka gogo wao. Mupite naye ku cipatala, cifukwa mafuta ena amafuna kuleka pang'ono-pang'ono, dokotala ali kuyang'anira.